Gata ya pa denga: madzi asadye khoma, alowe mu mgolo



Yemwe amayenda pa msewu wa M5, wochokera ku Salima kudutsa Golomoti ndi Sharpevale mpaka ku Balaka, waona kuti nyumba za malata zachuluka. Wina wagulitsa thonje, wina mpunga, wina wapha usipa wokwanira, ndipo udzu wachoka pa denga. Alhamdulillah. Koma yang'anani pansi pa makoma a nyumba zomwezo. Zambiri zili ndi kamfuleni kokumbika motsata denga, ndipo khoma ladyeka m'munsi ngati lakukutidwa ndi mbuzi. Akuchita zimenezi ndi madzi a pa denga lomwe lija tinasangalala nalo.

Mankhwala ake ndi gata, ngalande ya lata kapena pulasitiki yomwe imakhomedwa m'mphepete mwa denga kuti ilandire madzi n'kuwapititsa malo amodzi. Lero tikambirane kakhomedwe kake, thabwa lomwe imagwirapo, ndi nthawi yoyenera kuzisintha.

Madziwo ndi ochuluka bwanji?

Masamu ake ndi apafupi. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, amenewo ndi madzi a lita imodzi. Tiyerekeze nyumba ya mamita 8 m'litali ndi 5 m'lifupi. Mvula ya mamilimita 20, yomwe imatha kugwa masana amodzi mu Januwale, imatsitsa malita 800 kuchokera pa denga limenelo. Zimenezo ndi ndowa 40 za malita 20, kapena migolo inayi ya malita 200. Chaka chikakhala cha mvula ya mamilimita 800, denga lomwelo limatsitsa malita 32,000. Ngakhale ena atatayika, otsalawo ndi ambiri ndithu.

Popanda gata, madzi onsewa amagwera mzere umodzi, pafupi ndi maziko. Akamenya pansi amathovukira ku khoma ndi matope. Zidina zimasungunuka, ndipo njerwa zowotcha zomangidwa ndi dothi zimatsala zopanda chozigwira. Ku Sharpevale ndi madera ena a m'chigwa cha Bwanje vutoli limakula chifukwa malo ambiri ndi a dothi la makande. Dothi limeneli limafufuma likanyowa, likauma limang'ambika. Maziko akamanyowa ndi kuuma chaka ndi chaka, khoma limayamba ming'alu kuchokera pansi. Komanso chigwachi chimalandira kale madzi otsika m'mapiri a Ntcheu, ndiye nthaka imakhuta msanga.

Namondwe wa Freddy, mu Malichi 2023, anationetsa kuti khoma la dothi likamwa madzi masiku angapo limangokhala pansi. Gata singaletse chigumula. Koma khoma lomwe ladyeka kale m'munsi ndi lomwe limayamba kugwa.

Yambani ndi thabwa

Gata simagwira pa lata. Imagwira pa thabwa lotseka kumapeto kwa mitengo ya denga, lomwe akalipentala amati fesha bodi. Ambiri amaliona ngati lokongoletsa chabe, pomwe lili ndi ntchito zitatu: limateteza nsonga za mitengo kuti zisavunde, limachepetsa mphepo yolowa pansi pa malata, ndipo ndi lomwe limanyamula gata. Kumbukirani kuti lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Gata yodzaza ndi katundu wolemera, ndipo thabwa lofumbwa silingapirire.

Tengani msomali kapena mpeni mubaye thabwalo, makamaka kumapeto ndi molumikizira. Msomali ukalowa mosavuta, kapena mukaona tinjira ta chiswe, thabwalo latha. Lichotseni, muonenso nsonga za mitengo ya denga. Yomwe yavunda iduleni mpaka pomwe pali polimba, ndipo mukhomere chidutswa chatsopano m'mbali mwake.

Thabwa latsopano likhale louma. La paini kapena bulugamu laliwisi limapindika likamauma, ndipo gata imapindika nalo. Lipakeni mankhwala a chiswe, kenako penti, musanalikhome: kutsogolo, kumbuyo ndi kumapeto komwe ladulidwa. Ambiri amapaka kutsogolo kokha kuti anthu aone, koma madzi amalowera kumbuyo ndi modulidwamo. Oyilo wakuda wa galimoto, yemwe ena amapaka mitengo pothamangitsa chiswe, asayandikire malo omwe madzi akumwa adzadutse.

Kusankha gata

Pali mitundu itatu yomwe imapezeka. Yoyamba ndi ya lata losalala lomwe amisiri okhoma ndowa amapinda. Ndi yotsika mtengo ndipo mmisiri wa pa msika akhoza kuikonza ikaonongeka. Funsani geji ya latalo: nambala ikakhala yaing'ono, lata ndiye lokhuthala, choncho geji 28 ndi yolimba kuposa 32. Gata ya lata lopyapyala imachita dzimbiri msanga chifukwa mumakhalitsa madzi kuposa pa denga.

Yachiwiri ndi ya pulasitiki ya PVC yogula m'mashopu a zipangizo zomangira. Sichita dzimbiri, koma imatanuka dzuwa likatentha n'kubwerera kukazizira. Musaibowole ndi misomali. Ikhale pa zogwirira zake kuti izitha kusuntha pang'ono.

Yachitatu ndi paipi ya PVC ya mamilimita 110 yong'ambidwa pakati m'litali. Imathandiza pa nyumba yaing'ono kapena khitchini, koma pa denga lalikulu imasefukira.

Nyumba ya udzu isakhomedwe gata. Madzi ake amatuluka ofiira ndi zinyalala. Kumeneko chofunika ndi denga lotulukira kunja mokwanira, khonde lokwera, ndi ngalande yoyalidwa miyala pansi.

Kakhomedwe

Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Gata ikapanda kupendekeka, madzi amapeza okha potulukira, ndipo nthawi zambiri pamakhala pa khoma. Tsatani izi:

1. Sankhani kaye komwe madzi azitsikira: pomwe padzakhale mgolo kapena thanki, kutali ndi chimbudzi ndi khola.

2. Khomani msomali kumapeto kwina kwa thabwa, m'mwamba pafupi ndi malata. Pezani levulo mpaka kumapeto kotsikira madzi. Ngati mulibe levulo, paipi yoonekera mkati yodzaza madzi imagwira ntchito yomweyo, chifukwa madzi a mbali ziwirizo amaima pa msinkhu umodzi.

3. Kuchokera pa levuloyo tsitsani sentimita imodzi pa mamita awiri aliwonse. Pa nyumba ya mamita 8 mutsitsa masentimita 4, pafupifupi zala ziwiri. Khomani msomali wachiwiri pamenepo, mumange chingwe chokoka bwino pakati pa misomali iwiriyo.

4. Khomani zogwirira motsata chingwe. Zisatalikirane kupitirira mita imodzi, ndipo pa gata ya pulasitiki ziyandikane kuposa apo, ngati masentimita 60. Molumikizira ndi potulukira madzi pakhale chogwirira pafupi. Waya womangirira ku malata ndi wongoyembekezera, sachedwa kulekerera.

5. Malata a denga alowe mu gata pang'ono, osapitirira pakati pake. Akafupika, madzi amatsikira kumbuyo n'kuvunditsa thabwa. Akatalika, mvula yamphamvu imalumpha gata yonse.

6. Polumikiza zidutswa za lata, cha kumtunda chikhale pamwamba pa cha kumunsi, monga mmene timayalira malata pa denga, ndipo zipitirirane ngati chikhatho. Mangani ndi mariveti, mumate ndi silikoni. Modulidwa monse pakanimo penti poletsa dzimbiri.

7. Ikani paipi yotsitsa madzi ndipo muigwirize ku khoma. Nyumba ikatalika kupitirira mamita 10 kapena 12, monga mzikiti kapena madrasa, ikani mapaipi awiri, gata ipendekekere mbali zonse kuchokera pakati.

8. Musanalipire mmisiri, kwerani ndi ndowa ya madzi muthire kumtunda kwa gata. Madzi onse atuluke. Pomwe atsalira pakonzedwe tsiku lomwelo, chifukwa pamenepo ndi pomwe padzayambire dzimbiri ndi mphutsi za udzudzu.

Pa makwerero pakhale munthu wogwira pansi. Musakwere denga lonyowa kapena kukuchita ziphaliwali. Ngati nyumba ili ndi magetsi a ESCOM, samalani ndi waya wolowa m'nyumba pamene mukunyamula gata yaitali ya lata.

Madzi akatsika apite kuti?

Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Gata yabwino yotsitsira madzi pa ngodya ya nyumba ndi yoipa kuposa kukhala opanda gata, chifukwa madzi a denga lonse akukumba malo amodzi. Mgolo wa malita 200 umadzaza mvula isanafike ndi pakati pomwe. Choncho konzani njira ya madzi osefukira: ngalande yoyalidwa miyala kapena njerwa, yowatengera mamita awiri kapena atatu kutali ndi khoma, kukathera pa dzenje la nthochi kapena pa bedi la ndiwo zamasamba. Onetsetsani kuti simukuwatumiza ku khoma la mnansi wanu. Milandu yambiri ya m'dzinja imayambira pamenepo.

Mgolo ukhale pa njerwa, ndi chivundikiro cholimba. Pakamwa pa paipi mangani sefa kapena kansalu koyera kotchinga masamba ndi udzudzu. Mgolo wosavundikira ndi ngozi kwa ana aang'ono. Mwana akasuzumira n'kugweramo chamutu sangathe kudzitulutsa. Musagwiritse ntchito mgolo womwe munali mankhwala a thonje kapena mafuta, ngakhale mutautsuka chotani.

Kodi ndi akumwa?

Madzi a mvula amatsika oyera, koma denga si loyera. M'chilimwe monse pamaunjikana fumbi, zitosi za mbalame, abuluzi akufa ndi phulusa la lupsa. Kwa anzathu a ku Malembo, Chipoka ndi madoko ena, onjezani utsi wa nsomba zowamba. Ndipo amene amayanika nsomba kapena makaka pa denga adziwe kuti zotsalira zake zidzathera mu mgolo.

Ndiye mvula ya chizimalupsa ndi mvula yoyamba yeniyeni zisiyeni zitsuke denga, paipi ili kunja kwa mgolo. Pambuyo pake, mvula iliyonse yobwera patadutsa masiku angapo kuli ng'amba, tayani madzi oyamba mpaka ayere, kenako lowetsani paipi.

Madzi amenewa ndi abwino kuchapira, ndipo sopo amachita thovu msanga kusiyana ndi madzi a m'mijigo ina ya mchere. Ndi abwino kusamba, kuchitira wudhu, kumwetsa mbuzi ndi nkhuku, ndi kuthirira nazale. Koma akumwa awiritseni kapena thiranimo klorini monga WaterGuard, motsata malangizo a alangizi a zaumoyo. Kolera yomwe inayambira ku Machinga mu Malichi 2022 inafalikira dziko lonse ndipo inapha anthu oposa 1,700. Madera a m'mphepete mwa nyanja anavutika kwambiri. M'dzinja, pomwe zitsime zosatetezedwa zimalowa madzi oyenda pansi, mgolo wovundikira wa madzi othira klorini pakhomo umateteza banja.

Makomiti a mizikiti aganizirepo. Denga la mzikiti ndi lalikulu kuposa la nyumba zambiri m'mudzi, ndipo tsiku la Juma pamafunika madzi ambiri. Gata ndi thanki zingapeputse amayi ndi ana omwe amatunga madziwo, n'kutetezanso khoma lomwe tinasonkherana.

Kusamalira ndi kusintha

Nthawi yabwino ya ntchito yonseyi ndi Seputembala ndi Okutobala: matabwa ndi ouma, penti imagwira, ndipo mvula sinayambe. Chaka chilichonse m'miyezi imeneyi chotsani masamba ndi dothi mu gata, limbitsani zogwirira zomwe mphepo ya mwera yagwedeza, ndipo dulani nthambi za mango zomwe zafika pa denga. Bwerezani kuyeretsa pakati pa dzinja.

Mvula ikamagwa, tulukani ndi ambulera muzungulire nyumba. Mudzaona nokha pomwe pakudontha ndi pomwe pakusefukira. Mzere wakuda kapena wobiriwira pa khoma ukutanthauza kuti madzi akudutsa kumbuyo kwa gata. Kabowo kamodzi kamatsekeka ndi kachigamba ka lata ndi silikoni. Koma pansi pa gata pakachita timabowo tambirimbiri, musataye ndalama ndi zigamba. Sinthani chidutswa chonsecho, ndipo poti chachoka, onani thabwa lomwe linali kumbuyo kwake.

Ndalama zikachepa, musadikire kuti zikwane za nyumba yonse. Yambani ndi mbali imodzi, yomwe khoma ladyeka kwambiri kapena yoyandikira khitchini. Mbali zotsalazo yalani miyala kapena zidutswa za njerwa pomwe madzi amagwera, ndipo kwezani khonde kuti madzi azithawa khoma. Chaka chamawa, Insha Allah, mudzamaliza mbali inayo.

Musanagule chilichonse, yezani kutalika kwa denga lanu ndi chingwe, muwerenge zogwirira zofunika, ndipo mupite nazo kwa mmisiri nambala zili m'manja. Mukagwirizana mtengo, muuzeni kuti ndowa ya madzi idzathiridwa mu gata ndalama yomaliza isanaperekedwe.