Kusaka wotchi ya ku Joni pa intaneti

Amene mudakula m'zaka za m'ma 1970 mukukumbukira momwe munthu wochokera ku Joni ankadziwikira. Sutikesi yamalata, wailesi, chipewa, jekete, ndipo pamkono wotchi yonyezimira imene mwiniwake ankaiyang'ana pafupipafupi ngakhale padalibe womufunsa nthawi.

Bambo anga adali mmodzi mwa anthu amenewo. Adabwerako kumigodi mu 1974, chaka chomwe ndege ya Wenela idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana pa 4 Epulo n'kupha Amalawi oposa 70, ngozi imene idachititsa Dr Kamuzu Banda kuimitsa zolemba anthu opita kumigodi. Wailesi idafa kalekale, jekete idatha ndi njenjete. Chidatsala ndi wotchi ya Seiko yankhope yachikasu, yamkombero wofiira mbali ina, wabuluu mbali ina.

Wotchiyo idachoka pakhomo mu Febuluwale 2002, mwezi umene boma lidalengeza kuti m'dziko muno mwagwa tsoka la njala. Bambo adakaivula kumsika n'kubwerako ndi chimanga chosadzadza n'komwe thumba. Sadaitchulenso mpaka tsiku limene tidawaperekeza kumanda.

Ine matenda osonkhanitsa mawotchi akale adandigwira pambuyo pake. Ndili nawo angapo m'kabokosi: Seiko 5 ziwiri, Orient, Casio, ndi HMT ya ku India yopukusa ndi chala. Mayi a kunyumba amati ndi misala chabe poti foni imanena nthawi ulere. Sindiwatsutsa. Koma yachikasu ija ndidaifunafuna mu Limbe, ku Lilongwe mpaka ku Mzuzu osaipeza. Ambiri mwa akuluakulu amene ankakonza mawotchi pakhonde la sitolo adasiya, ndipo pamalo pawo pali anyamata okonza mafoni. Komanso ufunsa bwanji chinthu chomwe dzina lake sukulidziwa?

Dzinalo ndidalipeza pa intaneti usiku wina nditangolemba mtundu wa nkhope yake. Ndi Seiko 6139, imene idatuluka ku Japan mu 1969 ndipo idapangidwa mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Siidya batire. M'kati mwake muli kachitsulo kolemera kamene kamazungulira mkono ukamagwedezeka, n'kumakunga sipuling'i yoyendetsa mivi. Pambali ili ndi mabatani awiri: lapamwamba loyambitsa ndi kuimitsa muvi wowerenga masekondi, lapansi loubwezera pa 12. Idali m'gulu la mawotchi oyamba padziko lonse kuphatikiza zinthu ziwirizi, kudzikunga yokha ndi kuwerenga nthawi ya mpikisano.

Osonkhanitsa mawotchi amaitcha "Pogue". William Pogue adali msilikali wa ndege wa ku America amene adakhala masiku 84 m'mlengalenga paulendo wa Skylab 4, kuyambira Novembala 1973 mpaka Febuluwale 1974. Bungwe la NASA linkapereka wotchi ya Omega Speedmaster, koma mkuluyu adanyamulanso Seiko yake yachikasu imene adaizolowera pophunzira ntchito. Nkhaniyi idadziwika patapita zaka zoposa 30, ndipo wotchi yakeyo idagulitsidwa pa okushoni mu 2008 pamtengo wa madola pafupifupi 6,000. Chitchukire nkhaniyi, ofuna mtundu umenewu adachuluka, mtengo n'kukwera. Bambo adamwalira osadziwa kuti chimene adasinthitsa ndi chimanga chidali ndi mnzake amene adazungulira dziko lapansi.

Tsono paja fisi akamva fungo la nyama sachedwa. Chinthu chikatchuka, akathyali nawo amafika.

Ine adandipeza ulendo woyamba womwe. Ndidaona yachikasu mbee patsamba lina, yowala ngati yatuluka dzulo m'fakitale, mtengo wake wotsika modabwitsa. Mtima udathamanga, ndalama ndidatumiza. Itafika patatha miyezi iwiri ndidapita nayo kwa mkulu wina wokonza mawotchi amene adatsalako m'tauni mwathu. Adaitsekula kumsana, kuika kagalasi m'diso, n'kupukusa mutu.

"Achimwene, apa mwagula chikomekome cha mkuyu," adatero.

Nkhope idali yopentedwanso, zilembo zake zonenepa ngati zolemba ndi bulashi. M'kati mudali dzimbiri, ndipo zitsulo zidali zotolatola m'mawotchi osiyanasiyana. Anzathu odziwa amaitcha wotchi yotere "franken", kutengera nthano ya Frankenstein ya chilombo cholumikiza ziwalo za mitembo. Idayenda masabata atatu n'kugona. Wogulitsa uja nditamulembera, adangoti zii.

Kuyambira pamenepo ndidakhala pansi kuphunzira, ndipo zimene ndidaphunzirazo zingathandize aliyense wogula chinthu cha kaunjika kwa munthu amene sakumuona.

Seiko yakale imanena yokha mbiri yake kumsana. Pali manambala awiri. Yoyamba ili ndi zigawo ziwiri zolekanitsidwa ndi kamzere: manambala anayi oyamba ndi mtundu wa makina, anayi otsatira ndi mtundu wa chigoba. Manambala a makinawo ayenera kufanana ndi olembedwa ting'onoting'ono m'munsi mwa nkhope komanso osindikizidwa pamakina enieniwo m'kati. Akasiyana, dziwani kuti mwakumana ndi chilombo chija.

Nambala yachiwiri ndiyo imandisangalatsa kwambiri. Chilembo chake choyamba ndi nambala yomaliza ya chaka chimene wotchiyo idapangidwa, chachiwiri ndi mwezi. Januwale mpaka Seputembala amalemba 1 mpaka 9, pomwe Okutobala ndi O, Novembala ndi N, Disembala ndi D. Choncho 6139 yoyamba ndi 3N idapangidwa mu Novembala 1973. Munthu akakuuzani kuti wotchi ndi ya 1970 koma nambala ikuyamba ndi 6, mwamugwira bodza musadatulutse ngakhale tambala.

China n'chakuti wotchi ya zaka 50 iyenera kuoneka kuti idavalidwapo. Timikwingwirima pachigoba, kufiira kwa mkombero kozilala ndi dzuwa, zimenezo si zilema ayi, ndi umboni. Yowala mopitirira ndiyo muiope. Pemphani zithunzi za m'kati, ndi kanema woonetsa muvi ukuyamba, ukuima, n'kubwerera ndendende pa 12. Wogulitsa wachilungamo sakwiya ndi mafunso. Ndipo ndalama zidzere njira imene mungathe kudandaula zikavuta. Zotumiza pafoni kwa munthu amene mwangomuona pa Facebook zili ngati kuponya mwala m'nyanja.

Ndidadikira zaka zina zitatu. Mkatimo, mu Novembala 2023, kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo kandalama kamene ndinkasunga kadasungunuka ndikuona. Mayi a kunyumba sadabise mawu.

"Abambo, mukufuna tidye wotchi? Feteleza sitidagule."

Adali ndi mfundo, makamaka m'banja limene wotchi idapitapo kale chifukwa cha njala. Tidagwirizana kuti feteleza ndi fizi ya ana zikhale patsogolo, ndipo ndikafuna yachikasuyo ndigulitse ena a m'kabokosi. Adapita atatu, kuphatikizapo Orient imene ndinkaikonda.

Kenaka idatulukira. Wogulitsa adali ku Benoni, kum'mawa kwa Johannesburg, dera lomwelo la migodi ya golide. Zithunzi zidali zosakongola, galasi lokandikakandika, lamba wosakhala wake weniweni, zomwe mwiniwakeyo adanena yekha ndisadafunse. Manambala onse adagwirizana. Yakumsana idayamba ndi 38, kusonyeza Ogasiti 1973, nthawi imene bambo adali kumeneko.

Ulendo uno sindidatumize ndalama mwachimbulimbuli. Ndidapempha mwana wa mchemwali wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg kuti akaione ndi maso. Adakakumana pamalo a anthu ambiri, masana, iye akundionetsa zonse pafoni.

"Malume, ikuyenda, koma ndi yakalekale. Ndalama zonsezi?" adafunsa.

Ndidamuuza kuti alipire.

Adabwera nayo pa Khirisimasi kudzera ku Mwanza, ataikulunga m'sokosi. Mkulu wokonza mawotchi uja adaitsuka, kuthira mafuta, n'kundichenjeza kuti ndisayerekeze kusamba nayo poti timphira totchinga madzi tidauma kalekale, ndiponso ndisamaseweretse mabatani chifukwa zitsulo zake n'zosowa. Imathamanga ndi masekondi angapo patsiku. Ndikaivula masiku awiri imaima, ndipo poidzutsa ndimachita kuigwedeza popeza mtundu umenewu supukusidwa ndi chala.

Si ya bambo, ndikudziwa. Yawo mwina ili m'dirowa ya munthu wina, mwina idaphwasulidwa kalekale.

Lamlungu lotsatira ndidapita nayo kumudzi. Mayi anga, amene maso ayamba kuwavuta, adaitembenuza kawiri, n'kuiika kukhutu nthawi yaitali ndithu.

"Kulira kwake n'komweku," adatero. "Koma ya bambo ako idali ndi chibowo apa, pomwe adaigunditsa pampini wa khasu."

Adandibwezera, n'kundifunsa ngati feteleza wachiwiri tathira kale.