Phunziro 14: Mbewu nazo zili ndi abale

Anzathu a mu koperativa, mlendo akafika pamudzi timamufunsa mfunda wake. Akati Phiri kapena Banda, timadziwa abale ake. Mbewu nazo zili ndi mafuko.

Akatswiri a sayansi amagawa zamoyo zonse potsata chibale. Mu 1753, Carl Linnaeus wa ku Sweden anasanja zomera poyang'ana maluwa ake. Mu 1859, Charles Darwin wa ku England anafotokoza chifukwa chake zamoyo zina zimafanana: zinachokera kwa kholo limodzi, ndipo zinasintha pang'onopang'ono pa mibadwo yambirimbiri. Lero akatswiri amayezanso DNA, kanthu kosaoneka ndi maso kamene mwana amatengera kwa makolo ake.

Dzina lokha limanamiza. Mbatata ya kholowa ndi mbatatesi zonse timakumba pansi, mayina akenso ngofanana. Koma chibale chake nchakutali. M'bale weniweni wa mbatatesi ndi tomato! Taonani duwa la mbatatesi, muonenso la tomato. Onse ali ndi nsonga zisanu, ngati nyenyezi. Nthawi zina mbatatesi imabereka tizipatso tobiriwira tonga tomato. Timeneto sitidyedwa, tili ndi poizoni, ana asatole. Fodya, tsabola ndi mabiringano ali m'banja lomweli.

Nanga ife alimi zikutikhudza bwanji? Pachibale amapatsirana matenda. Chiwawu chimene chimaotcha masamba a mbatatesi nyengo ya mvula kuno ku Angónia chimagwiranso tomato. Matenda ofotetsa mbewu amatsalira m'nthaka, kudikira m'bale wina. Tikakumba mbatatesi n'kubzalapo tomato kapena fodya, sitinachite kasinthasintha ayi. Tangoitana banja lomwelo, ndipo zokolola za tonse zidzachepa.

Chimanga, mapira, mawere, mpunga ndi nzimbe ndi banja la udzu. Ndiye chifukwa chake kaufiti akavuta pa chimanga, kubzalapo mapira sikuthandiza.

Banja lina ndi la mbewu za makoko: nyemba, mtedza, khobwe, nandolo ndi nzama. Pa mizu yake pamakhala timatuza. M'timatuzamo muli tizilombo tosaoneka, timene timatenga chakudya cha mbewu mu mpweya. Nthaka imatsala ndi chonde, ndipo chimanga chobzalidwa pambuyo pake chimakondwa.

Mawa ku munda wa koperativa, zulani phata limodzi la mtedza ndi limodzi la chimanga. Tsukani mizu, muone timatuza tili pati. Kenaka tilembe pamodzi m'kope mbewu imene inali m'chigawo chilichonse chaka chatha, ndi banja lake, tisanagawe mbewu za chaka chino.