Enedina Marques: Mwana wa wantchito wa m'nyumba amene anadzakhala injiniya

M'chaka cha 1945, Yunivesite ya Paraná mumzinda wa Curitiba, kum'mwera kwa dziko la Brasil, inapereka madipoloma kwa ophunzira ntchito ya uinjiniya wa zomangamanga. Pagulupo panali mayi mmodzi yekha, wa zaka 32, dzina lake Enedina Alves Marques. Iyeyu ndiye mkazi wachikuda woyamba kukhala injiniya m'dziko lonselo.

Enedina anabadwa pa 13 Januwale 1913, patangopita zaka 25 chithetsedwere ukapolo ku Brasil. Mayi ake ankachapa ndi kusesa m'nyumba za anthu olemera. Mmodzi mwa mabwanawo, Major Domingos Nascimento, anamulipirira sukulu kuti aziperekeza mwana wake wamkazi. Mwayi unalowera pamenepo.

Komatu njira sinali yachidule. Anayamba waphunzira uphunzitsi, nakaphunzitsa m'matauni ang'onoang'ono a m'chigawo cha Paraná monga São Mateus do Sul ndi Cerro Azul. Atabwerera ku Curitiba, ankagwira ntchito za m'nyumba ya eni kuti apeze pogona, kwinaku akuphunzitsa ana ndi kuwerenga mabuku ake. Pa yunivesite analowa mu 1940 ali ndi zaka 27, msinkhu umene ena amati mkazi wachedwa kale.

Mu 1946 boma la Paraná linamulemba ntchito ku nthambi ya misewu ndi zomangamanga, ndipo chaka chotsatira anamusamutsira ku dipatimenti ya madzi ndi magetsi. Kumeneko ndiko kunali ntchito yake yaikulu: kuyeza malo ndi mitsinje pokonzekera malo opangira magetsi a Capivari-Cachoeira.

Ntchito imeneyi ndi yofunika kuimvetsa. Madzi a mtsinje wa Capivari amatsekedwa ndi damu pamwamba pa mapiri. Kuchokera apo amadutsa m'ngalande yoboola phiri la Serra do Mar, mtunda wa makilomita pafupifupi 15, kenako n'kutsika mamita oposa 700 kukazunguza makina amene ali pansi pa nthaka, asanathire mumtsinje wa Cachoeira. Amene anafikapo ku Songo akudziwa kuti makina a Cahora Bassa nawonso ali mkati mwa thanthwe. Ntchito yotere imadalira woyeza malo. Iye akaphonya pang'ono, okumba mbali ino ndi okumba mbali inayo sakumana.

Kutchireko Enedina ankavala ovolosi, mfuti yaing'ono ili m'chiuno. Zimanenedwa kuti amuna akayamba kumuderera, ankaombera m'mwamba. Ena amaisimba nkhaniyi moseka, koma kunena zoona palibe choseketsa kuti injiniya wa dipoloma afunike mfuti kuti amveredwe.

Anapuma pa ntchito mu 1962, ndipo makina a Capivari-Cachoeira anatsegulidwa mu 1971. Sanakwatiwe, analibenso ana. Mu Ogasiti 1981 anamwalira ndi matenda a mtima ali yekha m'nyumba mwake pakati pa mzinda wa Curitiba, ndipo panapita masiku mtembo usanapezeke. Nyuzipepala ina inalemba za imfayi ngati ya nkhalamba yosadziwika. Mainjiniya anzake a ku Instituto de Engenharia do Paraná anadandaula poyera, ndipo atolankhani anayamba kufotokoza za ntchito zake.

Lero ku Curitiba kuli msewu wotchedwa Engenheira Enedina Alves Marques.