Kamera yoona mpeni pansi pa jekete ili ndi diso la pulasitiki

Mu Seputembala 2019 apolisi ku London anayesa makina ena pa siteshoni ya sitima ya Stratford, oti aziona mipeni yobisidwa m'zovala popanda kugwira munthu. Ine ndimanyansidwa ndi zopapasidwa pageti ndikamalowa kushoo, ndiye nkhaniyi ndinaitsata.

Makinawo, a kampani ya Thruvision, amaona ndi mafunde a terahertz, omwe ali pakati pa microwave ndi infrared. Thupi lanu limawatulutsa lokha chifukwa ndi lofunda. Amadutsa nsalu koma pachitsulo amakanika, choncho mpeni wa m'chiuno umawatchinga n'kuoneka ngati chigamba. Kamerayo sikuwombani ndi kalikonse, imangolandira.

Mutu umawawa pokonza diso lake. Galasi wamba limameza mafundewa, moti kwa iwo windo lili ngati khoma. Akatswiri amasema malenzi ku pulasitiki, monga polyethylene kapena Teflon, yemwe uja amaikidwa m'mapani osamatirira. Inu simungaone kuseri kwa Teflon, koma terahertz imadutsa bwinobwino. Ena amasankha akalilole achitsulo opindika ngati dishi ya TV.

Chovuta china ndi kukula kwa funde. Funde la kuwala kumene timaona silifika milimita imodzi mutaigawa ka 1,000, pomwe makina oterewa amagwira ntchito ndi funde la pafupifupi milimita yathunthu. Funde likakula chithunzi chimabwera mbuu, pokhapokha lenzi ikulenso. Tiwerenge limodzi: funde la milimita 1, munthu ali pa mamita 5, lenzi yotambalala masentimita 50. Kanthu kakang'ono kwambiri komwe mungakasiyanitse ndi ka sentimita imodzi ndi pang'ono. Munthuyo akapita pa mamita 10, ndi masentimita awiri ndi kanthu. Mpeni uoneka, koma kalezala mwina ayi. Ndiye amene akudikira zoti foni izichita zimenezi, aise, lenzi ya theka la mita muiika m'thumba liti?

Osangothamangiranso funde laling'ono. Mukamayandikira 1 THz, chinyezi cha mumpweya chimameza kwambiri ndipo zovala zimayamba kutchinga.

Funso lomwe ndikudziwa muli nalo: kodi amationa maliseche? Ndi masamu tawerengawa, wapakompyuta amaona chimthunzi cha munthu chopanda nkhope yozindikirika, chokhala ndi chigamba pomwe pali chobisika. Vuto ndi loti waleti ndi foni nazonso zimapanga chigamba, ndiye akhoza kukuitanirani pambali ndithu kuti mutulutse za m'thumba.