Wansembe wa ku Ambricourt: Kusiyana kwa Kukayika ndi Kutaya Mtima

M'chaka cha 1936 mlembi wa ku France, Georges Bernanos (1888-1948), adatulutsa buku la nkhani yopeka lotchedwa Journal d'un curé de campagne, ndiye kuti zolemba za tsiku ndi tsiku za wansembe wa kumudzi. Chaka chomwecho bukuli lidalandira mphotho yaikulu ya Académie française, ndipo mu 1951 Robert Bresson adalisandutsa kanema. Tifuna kulisanthula pano chifukwa limatithandiza kusiyanitsa zinthu ziŵiri zimene ambiri a ife timaziphatikiza, ndizo kukayika ndi kutaya mtima.

Mwini nkhani ndi wansembe wachinyamata amene mlembi sadamupatse dzina. Adatumidwa ku parishi yaing'ono ya Ambricourt, m'chigawo cha Pas-de-Calais, kumpoto kwa France. Kumeneko zonse zidamukanika. Ana a katekisimu ankamuseka, akuluakulu sankamukhulupirira, ndipo popeza m'mimba mwake munkakana chakudya china chilichonse kupatula buledi woviika m'vinyo, mbiri idawanda yoti ndi chidakwa. Choŵaŵa koposa chinali chakuti usiku wina ndi wina ankagwada osatha kupemphera, ngati kuti Mulungu wamufulatira.

Kodi munthu wotere tinene kuti wataya chikhulupiriro? Katekisimu wa Eklezia Katolika wa 1992, pa ndime 2088, amasiyanitsa kukayika kwadala ndi kukayika kumene kumamugwera munthu iye osafuna. Kukayika kwachiŵiriku ndi mdima umene umaphimba nzeru, koma kufuna kwa munthu kumakhalabe kolunjika kwa Mulungu. Kutaya mtima ndi chinthu china. Tomasi Woyera wa ku Aquino amakuika pakati pa machimo otsutsana ndi chiyembekezo, pakuti wotaya mtima amagamula yekha kuti chifundo cha Mulungu sichingamufike. Wansembe wa ku Ambricourt adali mu mdima, komabe m'maŵa uliwonse ankadzuka kukachita Misa ndi kuyendera nkhosa zake.

Amene adatayadi mtima ndi mai wina wolemekezeka, mkazi wa bwana mwini malo m'mudzimo. Anthu ankamuona ngati Mkhristu wachitsanzo, pamene mumtima adasunga chidani ndi Mulungu kuyambira tsiku limene mwana wake wamwamuna adamwalira ali wamng'ono. Mwamuna wake anali wosakhulupirika m'banja, ndipo mwana wake wamkazi, Chantal, adakula wosaŵerengedwa ndi wodzala ndi ukali. Wansembe uja, ngakhale anali wamantha ndi wodwala, adamuuza maiyo mosabisa kuti kukana chikondi kungathe kumulekanitsa mpaka muyaya ndi mwana yemwe ankamulirayo. Atakangana kwanthaŵi yaitali, maiyo adagonja, nayanjana ndi Mulungu. Adamulembera wansembeyo kalata yonena za mtendere umene adaupeza, ndipo usiku womwewo adamwalira. Anthu adamuda wansembe kuti ndiye adamuzunza mai wodwala mtima. Iye sadafune kuonetsa kalatayo kuti adziyeretse, adalola kunyozedwa. Apa tikuona kuti munthu wosoŵa mtendere adapatsa mnzake mtendere umene iye mwini sankaumva, chifukwa mwini mtendere ndi Khristu, wansembe ndi mtumiki chabe.

Mathero a bukuli amatsimikiza phunziro lomweli. Dokotala wa mumzinda wa Lille adamupeza wansembe uja ndi khansa ya m'mimba. Adakatsirizikira m'nyumba ya Louis Dufréty, mnzake wa ku seminale amene adasiya ntchito ya unsembe nakhala ndi mkazi. Kwa iyeyu ndi kumene adapempha chikhululukiro cha machimo ake, ndipo adachilandira. Bernanos sadalakwe pa chiphunzitso. Augustino Woyera, potsutsa gulu la Donatus, adaonetsa kuti mphamvu ya masakramenti imachokera kwa Khristu, osati ku ungwiro wa wopereka. Malamulo a Eklezia a 1983, pa nambala 976, amalola wansembe aliyense, ngakhale wopanda chilolezo chomvera kulapa, kukhululukira munthu amene ali pafupi kufa.

Ambiri mwa aseminale athu adzatumidwa ku maparishi akutali kumene aliyense amadziŵa zofooka za mnzake, ndipo mphekesera imafika kumsika wansembe asanatuluke m'tchalitchi. Adzakumana ndi masiku amene pemphero lidzauma, ntchito yao nkuoneka yopanda zipatso. Tsiku lotero asadzafulumire kuganiza kuti maitanidwe ao anali onama, pakuti kuuma kwa pemphero si tchimo. Choyenera kuchiwopa ndicho kuleka kupempha chikhululukiro, kapena kuleka kuchipereka. Ifenso amene takhalitsa mu unsembe tiyenera kudzifunsa ngati tingalole kugwada pamaso pa mbale wathu amene tidamuŵerengera kale kuti adagwa, ndi kulandira chaulere cha Mulungu kudzera m'manja mwake.