Ku Kabanana pulogalamu imayambira m'kope

Wachinyamata wa ku Kabanana mu Lusaka akayamba kuphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta, sabata yoyamba imakhala ya chikondwerero. Amaika chinenero cha Python pafoni, n'kulemba mzere umodzi, foni n'kumuyankha. Amaitana azing'ono ake kuti adzaone. Zinthu zimasintha mwezi ukamapita kumapeto: zilembo zofiira zadzaza pasikirini, bandulo yatha, malaiti apita, ndipo pakhomo ayamba kufunsa kuti zimenezi zidzabweretsa liti ya ndiwo. Ambiri amalekera pomwepo.

Sitingawanene ulesi. M'chaka cha 2024 chilala chinachepetsa madzi opangira magetsi ku Kariba, ndipo pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lili pa ngozi. Pofika September, makomboni a mu Lusaka ankaona magetsi maola atatu okha patsiku, nthawi zina pakati pa usiku. Akulu awo a achinyamatawa amakumbukanso za 2015, pamene ana a Grade 9 m'masukulu ena anachezera mpaka usiku kudikira mayeso a kompyuta, chifukwa makina anali ochepa ndipo ankachita kulandizana.

Komabe pali china chimene chimapha mtima kuposa mdima, ndicho mavidiyo. Munthu amatha maola ambiri pa YouTube akuonerera wina akulemba pulogalamu, akugwedeza mutu kuti zikumveka. Akatseka vidiyo n'kutsegula tsamba lopanda kanthu, zala zimauma. Bandulo yapita, m'mutu mulibe chatsala, ndiye amagamula kuti nzeru zake n'zochepa. Ayi ndithu. Sanalembepo chabe.

Zilembo zofiira zija nazonso zimaopsa chabe. Mukaiwala timadontho tiwiri kumapeto kwa mzere woyamba ndi if, Python imaima n'kulemba SyntaxError, ndipo imatchula nambala ya mzere pamene yakakamira. Mukasokoneza mipata ya kumayambiriro kwa mzere, imati IndentationError. Woyamba kumene amaona kufiira n'kutseka foni. Amene wazolowera amawerenga mzere womaliza wa uthengawo, n'kukonza m'kamphindi. Ngakhale amene akhala pa ntchitoyi zaka zambiri amakumana ndi zofiirazi tsiku lililonse.

Kwa ine, njira yosafooketsa ndiyo kulembera pulogalamu chinthu chimene mumachidziwa kale. Tengani kope la chilimba la amayi: dzina, tsiku, ndalama, ndi kamzere kosonyeza amene walandira. Tinene kuti muli anthu 10, aliyense akusonkha K100 pa sabata. Pulogalamu inene amene akulandira sabata ino, amene sanapereke, ndi ndalama zimene zili m'manja. M'kantchito kameneka muli mndandanda, muli kubwereza, muli kusankha, zomwe ndi maziko a chinenero chilichonse cha kompyuta. Mtsikana wogwira mu buthi ya Airtel Money kapena MTN angachite chimodzimodzi ndi kope lake la fuloti, mwana wa pa kantemba ndi kope la ngongole. Ubwino wake ngwakuti yankho mumalidziwa, ndiye pulogalamu ikanama mumaigwira nokha.

Malaiti akapita, lembani ndi pensulo. Tsatani mzere ndi mzere ndi chala, muzilemba m'mbali kuti nambala yafika pati. Malaiti akabwera, tayipani. Pydroid 3 ikangolowa m'foni imayendetsa Python popanda intaneti, choncho bandulo isungidwire kufunsa pamene mwakakamira. Maphunziro a freeCodeCamp, amene Quincy Larson anayambitsa mu 2014, salipiritsa.

Kuphunzira wekha kumatopetsa, ndipo Lusaka inazindikira zimenezi kale. BongoHive inayamba mu 2011 ngati malo okumanirana achinyamata okonda kulemba mapulogalamu. Mmodzi wa oyambitsa ake ndi Lukonga Lindunda. Asikana Network, ya Ella Mbewe, Regina Mtonga ndi Chisenga Muyoya, inabwera kudzakokera atsikana m'ntchito za kompyuta. Koma kuchoka ku Kabanana kupita kutauni kumafuna ya basi, ndipo si sabata iliyonse imapezeka. Anthu atatu a ku Kabanana, Chazanga ndi Chipata compound akhoza kupangana Loweruka masana, aliyense n'kubwera ndi pulogalamu imene yamukanika. Manyazi opita chimanjamanja kwa anzako amakudzutsa pa tsiku limene chilakolako chazilala.

Makolo adziwe kuti ntchito imeneyi sibala m'miyezi itatu, ndipo aliyense wolonjeza zotero akufuna ndalama zanu. Mwana akakhala chete ndi kope madzulo, mufunseni akuonetseni chimene pulogalamu yake yachita lero.

Abusa, aphunzitsi aakulu ndi makhansala a ku Mandevu, kumene kuli Kabanana, ena mwa inu muli ndi chipinda chokhala ndi sola chimene chimatsekedwa Loweruka lonse. Atsegulireni ana awa, muike benchi ndi soketi.