Gasi, magetsi kapena mbaula: zoyenera kudziwa banja lisanagule sitovu yatsopano

Alimi a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga akagulitsa fodya, soya ndi mbatata ya kachewere, mabanja ambiri amatembenukira ku ntchito yokonza nyumba. Ena amafolera malata, ena amathira simenti pansi, ndipo ena amamanga khitchini yatsopano n'kuganiza zogula sitovu yamakono, imene ambiri kuno amaitchula kuti fogão. M'masitolo a mumzinda wa Tete muli masitovu onyezimira a mitundumitundu, koma imene yakongola m'sitolo siyo nthawi zonse imene ingaphike nsima ya anthu khumi tsiku ndi tsiku. Ndalama za zokolola zimabwera kamodzi pachaka, choncho kulakwitsa pogula kumapweteka mpaka nyengo ina.

Poyamba pali kusiyana kwa kapangidwe. Pali sitovu yoima payokha, yokhala ndi malo ophikira pamwamba ndi uvuni pansi. Ya malo anayi nthawi zambiri imakhala ya masentimita 50 mpaka 60 m'lifupi, pamene yaikulu ya malo asanu kapena asanu ndi limodzi imafika masentimita 90. Palinso ina yopanda uvuni, imene pa Chipwitikizi amati placa, yomwe imalowetsedwa m'bowo lodulidwa pa tebulo la simenti kapena la mwala. Placa imaoneka bwino ndipo sivuta kupukuta, koma mmisiri ayenera kudziwa miyezo yake asanaumbe tebulolo, ndipo wofuna kuphika buledi kapena makeke ogulitsa adzagula uvuni payokha. Sitovu yoima payokha ili ndi ubwino wina: banja likasamuka, imakwera nawo pagalimoto.

Sitovu ya gasi ndiyo imagwirizana kwambiri ndi kaphikidwe ka kuno. Moto wake umaoneka, umachepetsedwa kapena kuwonjezedwa nthawi yomweyo, ndipo umalandira poto wamtundu uliwonse, ngakhale wa aluminiyamu wophwanyika m'mbali. Magetsi akazima, mphika supoa. Chofunika kuyang'ana ndi zitsulo zokhazikapo poto. Zachitsulo chokhuthala zimapirira mthiko, pamene zopyapyala zimapindika ndipo poto amaterereka povundula nsima. Masitovu abwino amakhalanso ndi kachida kotseka gasi kokha moto ukazimitsidwa ndi mphepo kapena ndiwo zosefukira.

Funso lalikulu ndi la komwe gasiyo adzachokere. Botija ya makilogalamu 11 imayatsa malo amodzi apakati kwa maola pafupifupi 80 moto uli wonse. Banja lophika nthawi yaitali pa malo awiri limaimaliza mwezi usanathe. Wokhala ku Ulónguè sangavutike ngati wa kumudzi wakutali, amene adzalipiranso njinga yamoto kupita ndi kubwera. Komanso mabotija a makampani osiyana sagwiritsa ntchito redutor yofanana nthawi zonse, ndiye ndi bwino kuyamba kufunsa kuti wogulitsa wapafupi ali ndi gasi wa kampani iti.

Gasi wa m'botija ndi wolemera kuposa mpweya, motero akatayika amakhala pansi. N'chifukwa chake khitchini iyenera kukhala ndi zibowo zolowetsa mpweya m'munsi mwa khoma, osati mawindo apamwamba okha. Payipi ya labala imakhala ndi tsiku lothera ntchito lolembedwa pa iyo. Poyesa ngati gasi akutayika, munthu amapaka madzi a sopo polumikizira n'kuona ngati pakutuluka thovu. Machesi sayesera gasi. Moto wabwino umakhala wabuluu. Ukakhala wachikasu ndi kudetsa poto, sitovuyo ikufuna kutsukidwa kapena kukonzedwa.

Sitovu ya magetsi imakopa amene nyumba zawo zalumikizidwa ndi EDM, koma masamu ake ayenera kuchitika munthu asanatulutse ndalama. Mbale imodzi ya mawati 1,500 ikayaka ola limodzi imadya kWh imodzi ndi theka pa Credelec. Ikamayaka maola awiri patsiku, pamwezi ndi ma kWh 90, ndipo apa n'kuti ili mbale imodzi yokha. Aliyense angathe kuchulukitsa nambalayi ndi mtengo umene amalipira pa kWh, n'kuyerekeza ndi mtengo wa botija kapena thumba la makala.

Vuto lina lili m'khoma. Sitovu ya mbale zinayi ndi uvuni imatha kukoka mawati oposa 7,000 zonse zikayatsidwa. Mawaya amene anaikidwa kuti aziyatsa mababu, wailesi ndi kanema sangasenze mphamvu yotere. Amatentha ndipo angayambitse moto. Sitovu yotere imafuna waya wakewake wokhuthala, kawirikawiri wa 6 mm², disjuntor yake ndi waya wopita m'nthaka, zonse zoikidwa ndi katswiri wa magetsi khoma lisanapakidwe pulasitala. Sola ya panyumba, yoyatsira magetsi ndi kutchajira foni, singayendetse sitovu ya magetsi.

Pamwamba pa mitengo yonse pali sitovu ya indução, yagalasi lakuda. Iyo siitentha yokha, koma imatenthetsa poto mwachindunji pogwiritsa ntchito mphamvu ya maginito. Imawiritsa madzi msanga ndipo imataya kutentha kochepa: mphamvu yoposa magawo 80 pa 100 imalowa m'poto, pamene pa gasi pafupifupi theka limathawira m'mbali. Koma ili ndi malamulo ake. Poto wa aluminiyamu, amene adzaza m'misika ya m'malire, sagwira ntchito pamenepo, ndipo mphika wadothi nawonso ayi. Kuyesa kwake n'kosavuta: maginito akakakamira pansi pa poto, potoyo agwira. Pansi pakepo payeneranso kukhala posalala. Galasi limakandika poto akamakhwekhwerezedwa povundula nsima, ndipo likasweka kupeza lina ndi wolikonza kutali ndi mzinda ndi nkhani yovuta. Magetsi okwera ndi kutsika, komanso mphenzi za m'dzinja, zimatha kuwononga zida zake zam'kati.

Amene akuganiza zogula tsidya lina, podutsa pa Calómuè kapena Zóbuè, adziwe kuti mphamvu ya magetsi ya ku Malawi ndi ya kuno n'zoyandikana, koma mapulagi amasiyana: a ku Malawi ali ndi mano atatu amakona, pamene ambiri a kuno ndi a mano ozungulira. Timaadaputala totchipa timasungunuka tikalumikizidwa ku chinthu chokoka mphamvu ngati sitovu. Ayeneranso kuwerengera msonkho wa pa chipata ndi kufunsa kuti garantia idzagwira ntchito kuti. Kulikonse kumene munthu wagula, lisiti isungidwe.

Nanga mbaula ndi mafuwa? Mabanja ambiri amene agula sitovu yamakono sazisiya, ndipo pali chifukwa chake. Nyemba zouma zimafuna moto wa maola, makamaka kumapiri a Angónia, kumene malo ndi okwera mamita oposa 1,000 ndipo madzi amawira asanafike madigiri 100. Kuviika nyemba usiku kapena kugwiritsa ntchito poto wa presha kumafupikitsa nthawiyo, koma miphika ikuluikulu ya aganyu, ya ukwati ndi ya pamaliro idzafunabe nkhuni. Choncho pomanga khitchini ndi nzeru kusiya malo a mbaula yosunga moto, monga yadothi ya Chitetezo yodziwika ku Malawi, kapena yomangira ya njerwa yokhala ndi chumuni. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati utsi wa m'nyumba umapha anthu pafupifupi 3 miliyoni chaka chilichonse, ndipo amene amaupuma kwambiri ndi amayi ndi ana aang'ono. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye, mbaula ya makala isalowetsedwe m'chipinda chotseka, chifukwa imatulutsa mpweya wakupha umene suoneka ndiponso sununkha.

Mwachidule, banja lokhala pafupi ndi wogulitsa gasi limapindula ndi sitovu ya gasi ya zitsulo zolimba, ndipo lokhala ndi magetsi odalirika ndi mawaya oyenera lingaganizire ya magetsi kapena ya indução, litawerengera mtengo wa mapoto atsopano. Kwa onse, mtengo weniweni wa sitovu ndi wa m'sitolo kuphatikiza wa moto wake wa mwezi ndi mwezi. Ndipo popita kukasankha, amene amaphika tsiku ndi tsiku asatsale kunyumba. Atenge poto wake wamkulu wa nsima akamuyese pa sitovuyo, ndalama zisanachoke m'thumba.